Nyumba ya Lendi ya pa Mlolo

Mufulira
9 Meyi 1954

Elinata mlongo wanga,

Moni wochuluka kwa iwe, kwa alamu anga a Filimoni ndi kwa ana. Ukaperekenso moni kwa atsibweni athu a Yoweli, uwauze kuti jekete lija sindinaliiwale. Ife kuno tili moyo. Mkazi wanga Consolata ndi kamwana kathu Juliana ali bwino. Ine ndi kachifuwa komwe kaja, kamabwera m'chisanu n'kupita kokha. Nanga mvula inagwa bwanji chaka chino? Mtedza mwakumba?

Tsono tchera khutu, chifukwa kalata ino si ya moni wokha. Kuno kunali mkulu wina wa ku Petauke amene tinkagwira naye ntchito pansi pa mgodi. Pamene enafe tinkagula magalamafoni ndi zipewa, iye anamanga nyumba kwawo pafupi ndi sitolo, n'kuikamo anthu obwera amene alibe mudzi kumeneko. Mwezi ukatha, anthuwo amamupatsa ndalama chifukwa chogona m'nyumbamo. Zimenezi amati lendi. Lero mkuluyo analeka ntchito, ali kwawo, ndipo obwera kumeneko akuti wanenepa khosi. Nditamva zimenezi tulo tinandithawa. Munda wotere sufuna kupalira, ndipo anyani sauba.

Zaka zanga za mumgodi zachuluka, Elinata. Fumbi la pansipa silimusiya munthu. Chaka ndi chaka madokotala amatijambula m'chifuwa, ndipo tsiku limene adzapeze banga adzandipatsa tikiti yobwerera kumudzi. Ndikadzabwera, khasu sindidzalitha. Ndikufuna ndidzapeze chondidyetsa ine ndi banja langa.

Choncho ndatumiza ndalama ku positi ya ku Fort Jameson m'dzina la alamu. Ndi zonse zimene ndasunga chifikire kuno. Mupemphe malo kwa atsibweni, m'mbali mwa msewu, kufupi ndi sukulu. Nyumbayo ikhale ya njerwa zootcha, zipinda ziwiri, denga la malata. Aphunzitsi, alangizi a zaulimi, akapitawo a msewu, onsewa ndi alendo kwathuko, ndipo mlendo wolandira malipiro safuna kudonthedwa.

Lamulo langa ndi limodzi lokha. M'nyumbamo musagone wachibale, ngakhale usiku umodzi. M'bale akangoyala mphasa, za lendi iwalani.

Ndine mlongo wako,
Zakeyu Mbewe


Mlolo
20 Juni 1954

Alongo anga a Zakeyu,

Kalata yanu inatipeza, ndipo tinakondwa kumva kuti muli moyo nonse. Ifenso tili bwino, kupatula mwana wanga Kristina amene anadwala maso, koma wachira. Mtedza tinakumba wambiri ndithu. Chimanga cha kumunda wa kumtunda ndiye chinagwa ndi chiswe.

Za nyumba zija ndinawawerengera atsibweni. Anaseka mpaka misozi. Akuti, "Kodi kumigodi kumeneko tulo amachita kugula? Ndiye ine amene ndagona ulere zaka zonsezi ndidzalipira kwa yani?" Koma malo apereka, pomwe panali munda wa mbatata wa malemu amayi, pakati pa sukulu ndi sitolo ya Mmwenye. Akuti mwana wa mlongo wawo sangamumane dothi. Jekete lokhalo akuti musachite nalo chidodo, chisanu chafika.

A Filimoni apita kale pa njinga kukatenga ndalama, ndipo apeza anthu oumba njerwa. Mutawaona masiku ano simungawadziwe. Amayenda ndi chingwe choyezera m'thumba, pensulo kukhutu, ndipo anthu ayamba kuwatchula akapitawo. Chibwerere pachikamwini pano anali asanalandirepo ulemu wotere, ndiye akuyenda mapewa ali m'mwamba.

Lamulo lanu ndalimva, ndipo mlonda wake ndine. Amayi atamwalira ndinu munandilipirira sukulu kuti lero ndizitha kulemba chonchi. Ndingakuchiteni chipongwe ine? Mukamatumiza jekete muikemo ndi sopo.

Ndine mlongo wanu,
Elinata


Mlolo
28 Disembala 1954

Alamu olemekezeka,

Ndagwira cholembera ndi dzanja langa kuti ndikupatseni moni, ndiponso kukudziwitsani kuti ntchito imene munandisenzetsa ndaitula bwinobwino. Sindine munthu wodzitama, koma kuchokera pa Chadiza mpaka kumalire simungapeze ngodya zowongoka ngati zimenezi.

Malata ndinakasankha ndekha ku Fort Jameson. Anabwera pa lole mpaka pa Chadiza, kuchoka apo pa ngolo. Tsiku lokhoma denga mudzi wonse unasiya ntchito, ena anachokera ku Zingalume wapansi kudzaonerera. Mvula yoyamba itagwa, anthu anathamangiramo kuti akamve kulira kwake. Ine ndinatsalamo ndekha onse atatuluka. Kunena zoona, alamu, ndakula ndikugona pansi pa udzu, koma tsiku limenelo ndinaona kuti udzu ndi wofolera khola la nkhuku. Ndinaima pakati pa chipinda, mvula ikukhuthuka kunja, ine wosanyowa ndi dontho lomwe. Muli ndi mwayi inu.

Wa lendi tamupeza. Ndi aphunzitsi a Ezara, ochokera ku Nyasalande, pamodzi ndi banja lawo. Ndi munthu wa tayi, wosamwa mowa, ndipo atenga zipinda zonse ziwiri. Alowa sukulu ikamatsegulidwa.

Chatsala ndi maloko a zitseko. Komanso matayala a njinga yanga anathera pa ntchito yanuyi. Sindikupempha ayi, ndikungotchula.

Ine mlamu wanu, woyang'anira ntchito,
Filimoni Kwenda


Mufulira
3 Juni 1956

Elinata,

Moni kwa nonse. Kodi kumeneko mapepala anatha m'sitolo ya Mmwenye, kapena dzanja lako linathyoka? Chaka chatha chonse unkandilembera kuti a Ezara alipira, kuti ndalamazo mwagulira mbuzi monga ndinanenera, ndipo ine ndinkawerengera anzanga pakomboni monyadira. Mpaka anandipatsa dzina, akuti bwana wa nyumba. Koma chiyambire Febuluwale uli zii. Ndinalemba pa Pasaka, sindinayankhidwe. Kodi kwagwanji?

Ndili ndi maganizo, ndipo ndikufuna uwauze alamu. Mbuzi zija zikachuluka tigulitse, ine ndiwonjezere pang'ono, timange nyumba yachiwiri pambali pa yoyambayo. Mkulu wa ku Petauke uja ankati munthu amayamba ndi imodzi, ndipo imodziyo ndiyo imabala inzake. Nyumba ziwiri zikhoza kumuphunzitsa Juliana mpaka kukhala namwino.

Uwafunse a Ezara ngati pali chimene chikuwavuta, kaya chitseko chikukhula pansi, kaya denga likudontha. Wa lendi amafunika kumusamala ngati nkhuku yoikira. Ine sindinawaonepo, nyumbayonso sindinaionepo, koma ndikakhala pansi pa mgodi ndimaiona m'maso mwanga ikunyezimira m'mbali mwa msewu, ndipo fosholo imapepuka.

Chifuwa chaka chino chandigwira kuposa kale. Consolata adzabwera kwawo ku Zemba mu Okutobala kudzaona makolo, ndipo adzadutsa kwanuko kuti adzandionere nyumba. Atsibweni ali bwanji? Undiyankhe msanga.

Mlongo wako,
Zakeyu


Mlolo
15 Julayi 1956

Alongo,

Moni, ndipo pepani chifukwa cha chete wanga. Sikuti ndakuiwalani. Manja anali odzaza.

Atsibweni akudwala chiyambire dzinja. Miyendo inatupa, mimba nayo, kumunda anasiya kupita. Mukudziwa kuti chimwalirire akazi awo alibe wina wowapatsa madzi, ndiye ndine ndikuwaphikira ndi kuwachapira. Tinawatengera pa ngolo ku chipatala cha mishoni. Anatipatsa mankhwala a m'botolo, koma sisitere anapukusa mutu potiperekeza. Pakali pano akugona pouma bwino, musade nkhawa. Ngati mungathe, tumizani bulangete lochindikala.

Mbuzi zili bwino, ina yaswa ana awiri. Nyumba yanu ili chiimire, denga silidontha, ndipo pakhomo pake ndimasesa ndekha tsiku ndi tsiku.

Za nyumba yachiwiri a Filimoni akuti muyambe mwadikira, kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo pakali pano ali kalikiliki kumanga yathu ya njerwa, popeza yakale ija chiswe chaimaliza. Zipupa zafika kale pamutu. Anayeza ndi chingwe chomwe chija kuti ifanane ndi yanu m'litali ndi m'lifupi. Ine ndikuwakumbutsa kuti anzawo onse amweta kale udzu, ndipo posachedwa tchire lipsa, koma iwo akungoti za denga aona okha.

A Consolata asadzavutike kudutsa kuno ndi mwana pa dzuwa la Okutobala. Ife tidzawapeza ku Zemba komweko.

Mlongo wanu,
Elinata


Mlolo
12 Sepitembala 1956

Alamu,

Moni wa chisoni. Ndikukudziwitsani kuti atsibweni anu a Yoweli anatisiya sabata latha. Tinawaika ndi ulemu wonse woyenera munthu wamkulu wa kudambwe. Gule anatuluka wochuluka, ndipo anthu akuti maliro otere anali asanaoneke kuno kwa zaka. Mbuzi zanu zinathandiza kudyetsa olira, poti inu ndinu mwana wamkulu wa mlongo wawo ndipo simukanakana.

Zonse zachitika monga mwa mwambo. Palibe chimene tasiya. Mutumize kangachepe kokonzekera mowa wa chikumbutso. Zina tidzakamba pamaso.

Mlamu wanu,
Filimoni Kwenda


Zemba
21 Okutobala 1956

Bambo a Juliana,

Tinafika bwino, ngakhale basi inatigonetsa panjira. Makolo ali bwino ndipo akupereka moni. Juliana wazolowera kale, akuthamangitsa nkhuku za agogo ake. Inu mwadzuka bwanji ndi chifuwacho? Muwerenge kalata ino mutakhala pansi.

Sindinadikire kuti alamu anu andipeze kuno. Ndinati maliro a atsibweni sindingawapepesere pakhomo pa amayi anga, ndiye mlongo wanga ananditenga pa njinga mpaka ku Mlolo. Titafika pasukulu ndinayamba kumwazamwaza maso kufuna denga lonyezimira lija. Tinafika pasitolo osaliona. Tinabwerera. Pakati pa sukulu ndi sitolo pali mulu wa njerwa zosweka ndi simenti ya pansi, basi. Mayi wina wochokera kumadzi anationa titaima, n'kutiuza kuti tisaponde pamenepo, mpasiwa pa a Yoweli.

Ndinalowa kusukulu kukafuna a Ezara. Ndinawapeza m'kanyumba ka udzu kuseri kwa makalasi, ndipo nditatchula dzina lanu nkhope yawo inagwa. Akuti mu Febuluwale a Filimoni anawauza kuti mwini nyumba akubwera kuchokera kumigodi, atuluke mwezi usanathe. Anasamuka mvula ikugwa, mkazi wawo ali woyembekezera. Sipanapite masiku, anaona anthu atanyamula nkhalamba yodwala pamphasa kuilowetsa m'nyumbamo. Nthawi yonseyi munthuyu wakhala akukuyesani wankhanza. Nditawafotokozera, anangogwira pakamwa.

Inu mwakhalitsa kumigodi, mwina zina mwaiwala. Kwathu kuno munthu wamkulu akamwalira, nyumba yake imasanduka siwa. Sagonamonso munthu, amaigwetsa. Atsibweni anakhala m'nyumba yanu kuyambira dzinja mpaka chilimwe, n'kufera momwemo, ndiye pamaso pa mudzi inali nyumba yawo. Tsiku lometa zilombo zinatuluka kudambwe ndi mitengo, zinagumula zipupa mpaka pansi, amayi akuimba.

Koma dzulo lake a Filimoni anali atakwera padenga ndi hamala. Anazula malata limodzilimodzi, mosamala, misomali n'kumaiwongola pamwala. Akuti anauza akuluakulu kuti mzimu sukhala m'chitsulo, poti makolo chitsulo cha padenga sankachidziwa. Akuluakuluwo, posowa amene anamvapo mwambo wa malata, anangovomera. Zitseko nazo anazula, ati n'zachitsulo poti zili ndi maloko. Maloko ake omwe aja munatumiza inu.

Malatawo sindinavutike kuwafuna. Ali pa nyumba yatsopano ya alamu anu, ndipo anakwana ndendende, osatsala, osaperewera. Elinata anandilandira pakhonde, anandiphera nkhuku, akulira osandiyang'ana kumaso. Ine ndinadikira eni nyumba, a Filimoni. Atabwera ndinawafunsa mwaulemu kuti ndikanene chiyani kwa inu. Anayankha akuchotsa fumbi pa nsapato. "Amene anagwetsa nyumba si ine, mlamu, ndi zilombo. Ngati a Zakeyu akufuna mlandu, akaziitane kudambwe."

Nkhukuyo sindinadye. Tinabwerera ndi njala, ndipo panjira ndinalira mpaka mlongo wanga anaimitsa njinga.

Ndanena zimene maso anga aona. Musakwere basi ndi mkwiyo, ntchito ingakuthereni, ndipo ndi yokhayo imene yatitsalira. Muzimwa mankhwala aja.

Ine mkazi wanu,
Consolata


Mufulira
4 Novembala 1956

Elinata,

Moni wautali ndilibe lero. Consolata wandilembera zonse.

Atsibweni ndawalira. Anali atsibweni anga inenso, ndiwo anandiphunzitsa kusema mpini. Mukanandiuza kuti nyumba yawo ikudontha, ndikanatumiza ndalama ya anthu ofolera tsiku lomwelo. Ndikanawagulira ndi mabulangete omwe, osati limodzi. Koma inu munathamangitsa mlendo wosalakwa, mkazi wake ali ndi pakati, n'kunamizira dzina langa. Kenaka munagoneka munthu wotupa miyendo m'nyumba imene inali khasu langa la ukalamba. Ndipo sisitere atapukusa mutu simunawatulutsemo.

Mzimu wa atsibweni ndi wodabwitsa ndithu. Unalowa m'njerwa zanga zonse, koma malata ndi zitseko unazilambalala.

Unandiuza wekha m'chisanu muja kuti mwamuna wako sanamwete udzu. Ine wopusa ndinaseka, ndinati alamu ayamba ulesi. Osadziwa kuti munthu ali ndi denga kale, akungodikira kuti wogona pansi pake atsirizike.

Mlandu sindingaimbe. Chilombo sachiitanira kubwalo. Ndipo nditati ndimusumire Filimoni, ndiye kuti ndikusasula denga pamutu pa ana ako, amene ndi mbumba yanga. Khoswe wakhala pamkhate. Iye anaziwerengera bwino zonsezi, pensulo ija sinali ya kukhutu kokha.

Koma Filimoni ndi wobwera, mtima wake sindinaulere ine. Chimene chikundidya ndi iwe, amene unati mlonda ndiwe. Anzanga pakomboni akandiitana kuti bwana wa nyumba ndimangotsokomola kuti ndisayankhe. Manyazi amenewo ndipirira. Chimene sindingapirire ndi kusadziwa. Pamene ankayeza zipupa ndi chingwe chija, iwe unkadziwa kuti malata ake ndi ati? Pamene munkawanyamula atsibweni pamphasa, unakumbukira kuti nyumba yofera munthu wamkulu amaigwetsa?

Undiyankhe chimenechi chokha. Ukakana, ndidzakukhulupirira, chifukwa ndikufuna kukukhulupirira.

Zakeyu


Mlolo
9 Disembala 1956

Alongo anga,

Moni, ngati mungaulandire. Kalata yanu ndinaiwerengera kumunda kuti ana asandione ndikulira.

Ndikulumbira pa manda a amayi, sindinkadziwa. Mvula ya Febuluwale inkawagwera atsibweni pamphasa. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Dothi ndinapereka ndine, tsono mthunzi wake mundimane?" Ndikanayankha chiyani kwa mwini mbumba? A Filimoni anati n'zamasiku ochepa, mvula ikatha abwerera kwawo ndipo tipeza wa lendi wina. Ine ndinkati achira. Za siwa sizinandifike n'komwe m'mutu, munthu sumaganiza za maliro uku ukuphika phala la wodwala. Kukuuzani ndinkaopa, ndiye ndinkangoti ndilemba mawa.

Za malata ndi za amuna. Ndinangomva hamala ikulira, ine ndili pakati pa amayi olira. Ndikanatuluka pamaliro kukakangana ndi mwamuna wanga padenga?

Ndalakwa pobisa, ndavomera. Koma chibale ndi fupa, alongo, sichiola. Malatawa ndi anu, ndipo nyumba ino ndi yanu. Chipinda cha kum'mawa ndakusungirani. Tsiku lililonse limene mudzatope ndi migodi, mudzangofika n'kutsegula chitseko. Sichidontha.

Mlongo wanu wosauka,
Elinata


Mufulira
12 Meyi 1957

Elinata mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Ndakhala chete miyezi yonseyi chifukwa ndinkalimbana ndi mtima wanga. Mwakolola bwanji?

Tsiku lija ndinkanena lafika. Anatijambula mwezi watha, ndipo banga alipeza mbali zonse ziwiri. Ntchito ithera kumapeto kwa Juni. Andipatsa kandalama kolira nako, kokwana ulendo ndi mankhwala. M'mawa ndikatsokomola mumatuluka magazi, ndipo kuchoka pakhomo kufika pampopi ndimapuma panjira. Dokotala sanandibisire. Dzinja likubwerali ndikhoza kuliona, linalo n'zokayikitsa.

Consolata akuti tipite kwawo ku Zemba, ndipo dzina lako safuna kulimva. Ine ndamuuza kuti munthu wodwala chonchi safera kuchikamwini, amapita kwa abale ake, kufupi ndi manda a amayi ake. Ndamuuzanso kuti unalumbira, ndipo ine ndinalonjeza kuti ukakana ndidzakhulupirira. Takangana, koma wagonja.

Choncho chipinda cha kum'mawa chija ndikuchifuna. Za lendi, za mbuzi, za nyumba yachiwiri, zonsezo ndazisiya, sindidzazitchula pamaso pa alamu. Sindidzakuvutitsani nthawi yaitali. Chimodzi chokha ndikulakalaka, ndipo usaseke. Mudzi wonse unathamangira kukamva mvula ikulira pa malata anga, koma ine mwini wake sindinaimvepo. Ndikufuna ndidzagone chagada pansi pake mvula yoyamba ikamadzagwa.

Undiuze ngati ngolo ingadzanditenge pa Chadiza.

Mlongo wako,
Zakeyu


Mlolo
9 Juni 1957

Alongo anga okondedwa,

Moni. Nkhani ya matenda anu yatiswa mtima, ndipo Lamulungu tinakupemphererani kutchalitchi. Bwerani, kuno ndi kwanu. Ngolo idzakudikirani pa Chadiza, mungotiuza tsiku.

Koma za chipinda zasintha pang'ono. Mtedza chaka chino wachuluka, ndiye tauika m'menemo poopa makoswe. Komanso taganiza kuti malata si abwino kwa munthu wa chifuwa. M'chisanu amazizira, m'chilimwe amawotcha, ndipo mvula ikamagwa phokoso lake wodwala sangagone.

Choncho takumangirani kanyumba kanukanu kuseri, pafupi ndi mtengo wa mango, kokongola ndithu. A Filimoni akhala akulawirira kudambo kukamweta udzu okha, ndipo afolera mochindikala, dontho silingalowe. Pansi ndazira ndi manja anga. Ndizidzakuphikirani ndi kukuchapirani monga ndinkachitira ndi atsibweni.

Musawakwiyire a Filimoni, maganizowa ndi anga. Inunso mukudziwa kuti tsopano mwini mbumba ndinu, ndipo mudzi wonse ukamaloza nyumba ino umati malata a Zakeyu. Mukagonamo, anthu adzati ndi yanu. Mulungu asalole, koma zitati zachitika, tidzalowera kuti? Ndili ndi ana, alongo.

Pobwera mutitengereko shuga ndi machesi.

Mlongo wanu,
Elinata


Mufulira
23 Juni 1957

Nambewe,

Kalata yanu ndalandira. Funso lija ndinakufunsani mu Novembala mwaliyankha tsopano, ndipo mwayankha ndi dzanja limene ndinaliphunzitsa kulemba.

Kani mwambo mumaudziwa bwino chonchi. Mumadziwa kuti munthu wamkulu wodwala akagona m'nyumba, nyumbayo ili paulendo, ndipo mumatha kuganiza za maliro wodwalayo asanakwere n'komwe basi. Atsibweni odwala munawagoneka pansi pa malata anga. Ine wodwala mwandimwetera udzu. Muwathokoze alamu kuti chaka chino akumbukira nyengo yomweta.

Pamene nyumba inagwa ndinapsa mtima. Lero sindinapse mtima, ndangozizidwa. Njerwa zikanaumbidwa zina. Koma ndinali ndi mlongo mmodzi, ndipo ndinakangana ndi mkazi wanga pomuteteza.

Ngolo musaivutitse. Ndikupita ku Zemba. Alongo ake a Consolata avomera kundisunga, ndipo nthawi ikakwana adzandiika kumanda kwawo, pakati pa anthu amene sanandilonjezepo kanthu. Uthenga ukadzakupezani musadzamete. M'kanyumba ka udzuko muikemo mtedza, kuti chipinda cha kum'mawa chipume.

Denga musaope, palibe amene adzalikhudze. Ana anu agone pouma. Koma mvula yoyamba ikadzagwa, Kristina akadzafunsa chimene chikusokosa pamwamba, mudzamuuze kuti ndi atsibweni ake akutsokomola.

Zakeyu Mbewe